Oilo wa Injini ya Boti: Wa Dzina Kapena Wotsika Mtengo?

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi m'Cinyanja ndi mkonzi wa makina wa ku Chongwe, ndipo taisindikiza kuti amene sanaimve aiwerenge.

 Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za oilo amene tithira mu injini za maboti. Ndidziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kuseka, muli kunena kuti, "Kodi munthu wa ku Chongwe adziwa ciani za boti? Si kwao kuja kumene zaka zina mtsinje umaphwa m'mwezi wa October, mpaka ana aoloka osanyowa mapazi?" Mwanena zoona ndithu. Pa tauni yathu, imene ili pa mseu wa Great East Road, mtunda wa makilomita ngati 45 kucokera ku Lusaka, simudzamva kulira kwa injini ya boti. Koma mtsinje wa Chongwe suthera pa ulalo paja. Utsika mapiri ndi kukathira madzi ace mu Zambezi, ndipo pa mathiriro ace pomwepo ndi pamene payambira nkhalango ya nyama ya Lower Zambezi National Park, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1983. Ana ena a dziko lino la Asoli la Mfumu Nkomeshya agwira nchito pa madzi amenewo. Ena ayendetsa maboti a alendo odzaona nyama, ena anyamula anthu ndi katundu ku Chiawa, ena ali ku Luangwa kumene kale tinali kukuchula kuti Feira, ndiponso ena ali pa Kafue ndi pa nyanja ya Kariba. Injini zao zikadwala, zina zimakwera galimoto ndi kudzafika m'manja mwanga kuno ku mtunda.

Funso limene anthu amenewa andifunsa kawirikawiri ndi ili: "Bambo, m'sitolo muli oilo wa dzina lomveka wa mtengo wapatali, ndiponso muli wina wa dzina lacilendo wotsika mtengo. Kodi tigule uti?" Ndisanayankhe, ndikusimbireni za anthu awiri.

Woyamba ndi mlamu wanga. Iye analima cimanga zaka zitatu, nagulitsanso ng'ombe ziwiri, ndipo anagula boti ndi injini yace yogwirapo kale nchito, kuti azinyamula anthu ndi matumba a ufa m'midzi ya m'mbali mwa Zambezi. Tsiku lina ali mu msika wina ku Lusaka anapeza mnyamata ali kugulitsa mabotolo a oilo a dzina lalikulu lomwe lija, koma pa theka la mtengo wa m'sitolo. Mlamu anakondwa, nati wapeza mwai, ndipo anagula mabotolo anai. Patapita masabata owerengeka, tsiku lina dzuwa litapendeka, anali kukwera mtsinje ndi anthu asanu, pakati pao mai wina wa mwana kumbuyo. Injini inayamba kucepa mphamvu, inalira ngati munthu wotsamwa, ndipo inaima. Anakoka cingwe, koma cingwe cinakana kutuluka. Madzi a Zambezi sadikira munthu kuti akonze makina ace. Anayamba kulitenga boti ndi kulitsitsira ku dziwe kumene kunali mvuu. Cinawapulumutsa ndi nkhafi ziwiri zimene zinali pansi pa matumba. Anafika pa gombe kutada, onse amoyo, koma kuyambira tsiku lomwelo mai uja ndi anzace sanakwerenso boti la mlamu wanga.

Pamene ndinaitsegula injiniyo ndinapeza maringi atamatirira m'mizere yace ndi mwaye wolimba, ndipo pisitoni inali yokandika mbali imodzi ngati yapalidwa ndi mwala. Ndinapempha botolo limene linatsala. Kunja linali lokongola, dzina lace lowala bwino, koma ca m'kati cinali cakuda ndi conunkha ngati oilo amene wakhetsedwa m'galimoto yakale. Wina anatola mabotolo otha, nathiramo zace, natsekanso. Makolo ananena kuti cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Waciwiri ndi mkulu wina woyendetsa boti ku Luangwa. Iyeyu sanagulepo oilo wa dzina lomveka, cifukwa ati ndalama zace sizifika. Agula wa dzina lacilendo pa malo omwetsera petulo, wotsika mtengo ndithu, koma botolo lace lotsekedwa ku fakitale. Caka ciri conse abwera nayo injini kuti ndiione, ndipo ndikaitsegula ndipeza m'kati moyera, maringi omasuka, pisitoni yosalala. Tsono taonani: amene anagula dzina injini yace inafa pakati pa madzi, ndipo amene anagula wotsika mtengo injini yace ikali kuyenda. Kodi tinene kuti dzina ndi loipa ndipo kutsika mtengo ndi kwabwino? Iai, si comweco. Cinthu cimene cinasiyanitsa anthu awiriwa ndi cina, ndipo kuti ticimvetse tiyenera kuyamba tadziwa nchito imene oilo agwira.

Nchito ya oilo m'kati mwa injini

Injini zambiri za maboti pa mitsinje yathu ndi za mtundu umene azungu auchula kuti 2-stroke, ife tingoti injini yosakaniza. M'galimoto oilo ali ndi nkhokwe yace pansi pa injini, ndipo amazungulira ndi kubwerera momwemo miyezi yambiri. Injini yosakaniza ilibe nkhokwe yotere. Oilo timthira mu thanki pamodzi ndi petulo. Alowa naye mu injini, apaka zitsulo zonse zoyenda, ndipo pomaliza apsya pamodzi ndi petuloyo ndi kutuluka ndi utsi. Cotero dontho liri lonse lipita kamodzi kokha, ndipo liyenera kucita zinthu ziwiri: kuteteza citsulo kuti cisakhulane ndi cinzace, ndiponso kupsya bwino osasiya zotsalira.

Musaipeputse nchito imeneyi. Boti likathamanga ndi mphamvu yace yonse, injini izungulira ngati nthawi 5,000 pa mphindi imodzi, ndiko kuti pisitoni ikwera ndi kutsika koposa nthawi 80 pa sekondi imodzi, ndipo icita zimenezi maora ambiri osapuma. Galimoto imapuma pa mtsetse ndi pa mphambano, koma boti liri ngati galimoto yokwera phiri losatha, pakuti madzi alikaniza nthawi zonse. Pakati pa pisitoni ndi khoma lace pali kansalu ka oilo kopyapyala koposa tsitsi. Kakang'ambika, citsulo cikhuza citsulo, citentha, ndipo cigwirana. Ndico cimene cinacitika kwa mlamu wanga.

Cifukwa cace oilo wa galimoto sayenera. Iye anapangidwa kuti azikhala m'nkhokwe, osati kuti apsye, ndipo muli mankhwala amene akapsya asiya phulusa. Phulusalo limata pa pulagi, pa mutu wa pisitoni ndi m'mizere ya maringi. Ndidziwa kuti akuluakulu ena adzatsutsa, adzati, "Ife kale tinali kuthira oilo wa galimoto, ndipo tinayenda." Nzoona. Injini zakale za British Seagull zinali kufuna gawo limodzi la oilo pa magawo 10 a petulo, ndipo zinali kusiya utsi pa mtsinje ngati munthu watentha chire. Za Johnson ndi Evinrude zinali kufuna gawo limodzi pa magawo 24, kufikira caka ca 1964 pamene eni ace anasintha nati gawo limodzi pa magawo 50. Injini za masiku ano zilandira oilo pang'ono, cotero oiloyo ayenera kukhala woyenera ndithu. Mau a akulu akoma akagonera, koma injini imene iwo anali kuidziwa si imene ili pa boti lanu lero.

Cenjeraninso ndi oilo wa njinga zamoto ndi wa makina ocekera mitengo, amene pa botolo pace palembedwa 2T cabe. Iyenso ndi wosakaniza, koma anapangidwira injini zoziziritsidwa ndi mphepo, zimene zitentha kwambiri. Injini ya boti iziziritsidwa ndi madzi a mu mtsinje, ndipo ifuna oilo wopanda phulusa konse.

Cizindikiro cimene muyenera kufuna

Tsopano tafika pa mutu weniweni wa nkhani yathu. Ku America kuli bungwe la opanga maboti ndi injini zace, lochedwa National Marine Manufacturers Association, kapena mwacidule NMMA. Bungwe limeneli linaika muyeso wa oilo wa injini zosakaniza za pa madzi, ndipo dzina la muyesowo ndi TC-W3. Zilembo TC zinena za injini yosakaniza, W anena za madzi oziziritsa, ndipo 3 asonyeza kuti uwu ndi muyeso wacitatu, umene unalowa m'malo mwa iwiri yakale. Kampani yofuna kulemba cizindikiro cimeneci pa botolo lace iyenera kupereka oilo wace kuti ayesedwe. Amthira mu injini zenizeni za maboti ndi kuziyendetsa maora ambiri, ndipo pambuyo pace azitsegula kuona ngati maringi amatirira, ngati mwaye wacuruka, ngati zitsulo zakhulana. Ayesanso ngati asakanizika bwino ndi petulo ndiponso ngati aletsa dzimbiri. Oilo akapambana, bungwe lipatsa kampaniyo nambala, ndipo maina a oilo onse obvomerezedwa aikidwa poyera pa intaneti, kotero kuti mwana wanu wa foni akhoza kukuonerani.

Yankho langa tsono ndi ili. Potola botolo musayambe kuyang'ana dzina, ndiponso musayambe kuyang'ana mtengo. Litembenuzeni, mufune zilembo zija NMMA TC-W3. Ngati zilipo, ndipo botolo ndi lenileni lotsekedwa ku fakitale, oiloyo ndi wokwanira injini yosakaniza ya masiku onse, ngakhale dzina lace simunalimvepo. Ngati palibe, libwezeni pa shelefu, ngakhale wogulitsa alumbire pa manda a amai ace. Mkulu wa ku Luangwa uja sadziwa Cingerezi, koma zilembo zimenezi azidziwa monga adziwa nkhope za ana ace, ndipo ndizo zasunga injini yace.

Werengani bwino, pakuti pali ocenjera. Botolo lina lilembedwa mau onena kuti oiloyu "ayenera injini zofuna TC-W3", koma cizindikiro ca bungwe ndi nambala yace palibe. Ameneyo ali ngati mwana wonena kuti akadalemba mayeso akadapambana. Ife tifuna amene analemba ndithu.

Nanga wa dzina ali ndi ubwino wanji?

Sindinena kuti oilo wa maina omveka, monga Yamalube wa kampani ya Yamaha kapena Quicksilver wa kampani ya Mercury, ndi kutaya ndalama. Muyeso wa TC-W3 uli ngati malikisi opambanira mayeso: onse amene afika pamenepo apambana, koma wina apambana pa malire ndipo wina apitirira. Eni injini adziwa makina ao, ndipo oilo wao akonzedwa molingana nawo. Pali nthawi zitatu pamene ine ndilangiza munthu kuti atsate oilo amene buku la injini linena, ngakhale adule. Yoyamba, ngati injini ndi yatsopano ndipo ikali m'pangano lakuti ikaonongeka ogulitsa adzaikonza. Yaciwiri, ngati ndi injini ya mtundu wopopera petulo mwa kompyuta, monga OptiMax ya Mercury kapena E-TEC ya Evinrude, pakuti zimenezi ziri ndi oilo wace wapadera. Yacitatu, ngati kumene muli botolo lokha limene mungalikhulupire ndi la dzina, logulitsidwa ndi sitolo ya eni injini. Kunja kwa izi, mwini boti wa ndalama zocepa asacite manyazi kugula wotsika mtengo wokhala ndi cizindikiro.

Koma dziwani kuti dzina lomveka liri ndi tsoka lace: ndilo limene onyenga alikonda. Palibe munthu abvutika kutola botolo la dzina losadziwika kuti athiremo zonama, cifukwa phindu lace ndi locepa. Cotero pogula wa dzina cenjerani koposa. Onani mphete ya pa citsekerero ngati ndi yosathyoka. Onani pepala la pa botolo ngati silinamatidwe kawiri. Mukatsegula, onani ngati oilo ndi woyera mbee ngati uci wosefa, ngakhale ali ndi mtundu wobiriwira kapena wofiira umene opanga athiramo kuti muzimzindikira mu petulo. Wakuda, wa matope pansi, kapena wonunkha copsyerera, musamthire. Oilo wopimidwa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa mseu mlekeni konse, pakuti palibe angakuuzeni kumene anacokera. Gulani pa malo omwetsera petulo kapena m'sitolo yodziwika, ndipo pemphani lisiti. M'dziko lathu lino malonda a petulo ndi oilo ayang'aniridwa ndi bungwe la Boma la Energy Regulation Board, ndipo munthu wonyengedwa akhoza kukadandaula kumeneko. Koma wopanda lisiti adzayamba bwanji mlandu wace? Ndiponso botolo lanu likatha, libooleni musanalitaye, kuti lisakaphe injini ya mnzanu.

Tiwerengere ndalama

Tsopano tengani pensulo. Pa muyeso wa gawo limodzi pa magawo 50, lita imodzi ya oilo ikwanira malita 50 a petulo. Tiyerekeze kuti botolo lenileni la lita imodzi liposa lokaikitsa ndi K100. Mukagawa K100 pa malita 50, mupeza kuti mwaonjeza K2 cabe pa lita iri yonse ya petulo. Ndiyo ndalama imene mlamu wanga anafuna kupulumutsa. M'malo mwace anagula pisitoni, maringi ndi magasiketi, analipira galimoto yonyamula injini kubwera kuno ndi kubwerera, ndipo anakhala mwezi wathunthu pa gombe osalandira ngwee imodzi. Pa zonse zimene mwini boti alipira, oilo ndiye wocepa, koma ndiye asunga zina zonse.

Muyeso wosakanizira

Oilo wabwino wosapimidwa bwino aphanso injini. Injini zambiri zosakaniza, monga za Yamaha Enduro zimene ziri zofala pa mitsinje yathu, zifuna gawo limodzi pa magawo 50. Sungani mawerengedwe awa pa mtima: pa lita imodzi ya petulo, mamililita 20 a oilo, pa malita 5, mamililita 100, pa cigubu ca malita 20, mamililita 400, pa thanki ya malita 25, theka la lita. Injini ikakhala yatsopano, kapena yangoikidwa maringi atsopano, maora 10 oyamba ifuna oilo wowirikiza kawiri, ndiko kuti gawo limodzi pa magawo 25. Koma injini zisiyana, cotero onani buku la yanu. Ngati buku linatayika funsani mkonzi wodziwa, pakuti safunsa anadya phula.

Musapime ndi maso. Khalani ndi kabotolo ka mizere kamene nchito yace ndi yomweyo basi. Yambani kuthira petulo pang'ono mu thanki, thirani oilo yense, tsekani ndi kukhuchumula, ndipo pomaliza dzazani petulo wotsala. Ena aganiza kuti kucurutsa oilo ndiko kukonda injini. Iai. Wocuruka adetsa pulagi, aunjika mwaye, ndipo wotsala atayikira mu mtsinje momwe muli nsomba zimene tidya. Wocepa ndiye aipa koposa, pakuti injini igwira osacenjeza.

Mau pang'ono kwa a injini za 4-stroke

Maboti ambiri a alendo pa Zambezi tsopano ali ndi injini za 4-stroke, zimene ziri ndi nkhokwe ya oilo monga galimoto. M'zimenezi musathire oilo mu petulo ai. Lamulo la kugula ndi lomwe lija, koma cizindikiro cace ndi FC-W, ca bungwe lomwelo la NMMA, ndipo kulemera kwa oilo, monga 10W-30 kapena 10W-40, kwalembedwa m'buku. Kawirikawiri oilo woyamba akhetsedwa patapita maora 20, ndipo pambuyo pace maora 100 ali onse kapena kamodzi pa caka. Nonse, a injini zosakaniza ndi a zinazi, musaiwale oilo wa magiya ku mwendo wa injini pafupi ndi puropela. Mukamkhetsa ndi kumpeza woyera ngati mkaka, dziwani kuti madzi alowa, ndipo nthawi zambiri cifukwa cace ndi ulusi wa mbedza kapena wa ukonde umene unakulungika pa puropela ndi kudula labala wotsekera. Oilo wokhetsedwa musamtaye m'madzi kapena pa mcenga wa pa gombe.

Nthawi yanga yatha, abale anga. Mlamu wanga ali kuyendanso pa mtsinje, ndipo tsopano akalowa m'sitolo atembenuza botolo liri lonse asanafunse mtengo, mpaka ogulitsa amseka. Iye sasamala, cifukwa akumbukira madzulo aja ndi mvuu zija. Inunso citani comweco: funani cizindikiro, onani citsekerero, pimani bwino, ndipo ngakhale injini yanu ikhale yabwino cotani, nkhafi ziwiri zisasowe m'boti. Amene muli ndi mafunso lembani kalata kuno ku nyumba ya wailesi, ndipo ndidzayankha sabata ya mawa pa nthawi yomwe ino.